Chikho cha FA Cup chikadakoma, koma matimu ang'onoang'ono awalanda mwayi

Ndakhala ndikuonera chikho cha FA Cup cha ku England pa wailesi ya kanema kwa zaka zambiri, ndipo ndikufuna ndifotokoze mmene ndinachionera m'nyengo ya 2024/25, pamene lamulo latsopano lothetsa masewero obwereza, omwe ankachitika matimu akalepherana, linayamba kugwira ntchito.

Chikhochi ndi chakale kuposa zikho zonse za mpira wamiyendo zomwe matimu akuluakulu akupikisanirabe, pakuti masewero ake omaliza oyamba anachitika mu 1872, pamene Wanderers inagonjetsa Royal Engineers 1-0. Matimu oposa 700 amalowa nawo, ndipo a mu Premier League amadzalowa pa ndime yachitatu mu Januwale, maere nkuwagwetsera paliponse. Ubwino wake wagona pamenepa, chifukwa timu ya osewera odula zedi imatha kukapezeka pabwalo laling'ono lomwe ochemerera amaima pafupi kwambiri ndi mzere.

Zoterezi zinaoneka pamene Tottenham inapita kwa Tamworth, timu ya mu ligi yachisanu yomwe osewera ake ambiri amagwiranso ntchito zina. Masewero anachedwa kuyamba chifukwa ukonde wa golo unali ndi vuto, mpaka wosewera wina anakwera pamapewa pa mnzake nkuumata ndi tepi. Ndinaonera mphindi 90 zonse mtima uli m'mwamba, ndipo zinatha popanda chigoli. Chikhala kale, anyamata a Tamworth akadapita ku London kukabwereza masewerowo pabwalo lolowa anthu oposa 60,000 ndi kugawana ndalama za pachipata, zomwe zikadayendetsa timu yawo kwa nthawi yaitali. M'malo mwake anawawonjezera mphindi 30 miyendo italema kale, Tottenham inalowetsa Son ndi Kulusevski, ndipo Tamworth inagonja 3-0. Zinandipweteka kwambiri, chifukwa chimene anyamatawo anachikhetsera thukuta chinali chitachotsedwa asanalowe n'komwe m'bwalo. Amene akukumbukira Exeter City, yomwe inalepherana 0-0 ndi Manchester United ku Old Trafford mu 2005 ndipo ndalama za masewero awiriwo zinaithandiza kubweza ngongole, amvetsa kukula kwa nkhaniyi.

Akuluakulu a mpira akuti masewero achuluka, makamaka kwa matimu opikisana m'zikho za ku Ulaya. Zimenezo nzoona, koma lamuloli likuyambira pa ndime yoyamba, pamene matimu akuluakuluwo amakhala asanalowe, choncho olipira mtengo wake ndi omwe sanabweretse vutolo. Sindisangalalanso ndi zoseweretsa ndime ya matimu anayi ku Wembley, bwalo lomwe kumachitikira masewero omaliza, monga zakhalira kuyambira 2008, popeza zimachepetsa ulemu wa tsiku lomaliza.

Komabe mpira weniweniwo sunandikhumudwitse. Plymouth Argyle, yomwe inali kunsonga ya pansi mu ligi yachiwiri ya Championship, inatulutsa Liverpool 1-0 ndi penate ya Ryan Hardie. Pa masewero omaliza mu Meyi 2025, Crystal Palace inagonjetsa Manchester City 1-0 ndi chigoli cha Eberechi Eze, goloboyi Dean Henderson nkugwiranso penate ya Omar Marmoush, ndipo chimenechi chinali chikho chachikulu choyamba m'mbiri ya timuyi. Makamera ataloza kwa ochemerera, ndinaona azibambo aimvi akulira atakumbatira ana awo, ndipo ndinakumbukira Wigan Athletic, yomwe inatenga chikhochi mu 2013 pogonjetsa City yomweyo, ngakhale inatuluka mu Premier League patangopita masiku ochepa.

Kwa amene ali ndi nthawi yochepa, ndikulangiza kuti asaphonye ndime yachitatu ndi yachinayi, ndipo asankhe masewero omwe timu yaing'ono ili pakhomo. Ine ndidzaoneranso Januwale akubwerayu, ndili ndi chiyembekezo kuti bungwe la FA, loyendetsa mpira ku England, lidzabwezeretsa masewero obwereza, ngakhale pa ndime zoyambirira zokha.