Refractor, reflector kapena bayinokula: chogawira Alpha Centauri pawiri ndi chiti?

Madzulo a Meyi mpaka Julayi, mukayang'ana kumwera muli pa Dedza, pambali pa Mtanda wa Kumwera pamakhala nyenyezi ziwiri zowala zoloza Mtandawo. Yowala kwambiriyo ndi Alpha Centauri. Ndi maso imaoneka imodzi, koma ndi ziwiri zimene zimazungulirana pa zaka pafupifupi 80. Wansembe Jean Richaud anazindikira zimenezi mu 1689 ali ku Pondicherry, ku India. Funso n'lakuti ifeyo tigule chiyani kuti tidzionere tokha.

Bayinokula ya 10x50, yokuza kakhumi, tiichotseretu. Mu 2016 mpata wa nyenyezi ziwirizi unali ma arcsecond 4 okha (arcsecond ndi muyeso wa timipata ting'onoting'ono kumwamba, gawo limodzi mwa magawo 3,600 a digiri), ndipo ngakhale wakulako chiyambire, kukuza kakhumi sikukwanira. Mwina Albireo, nyenyezi ina yapawiri ya mpata wa ma arcsecond 35, mungaigawe mutatsamiritsa zigongono pakhonde.

Mpikisano weniweni uli pakati pa telesikopu ziwiri: refractor ya 70mm, yagalasi kutsogolo, ndi reflector ya 114mm, yakalilole kumapeto kwa chubu. Papepala reflector ikupambana. Lamulo la Dawes limati gawani 116 ndi kukula kwa galasi mu mamilimita kuti mudziwe mpata wochepetsetsa umene telesikopu ingalekanitse: 70mm imalekanitsa mpaka ma arcsecond 1.7, pamene 114mm imafika pa 1. Koma papepala palibe chisanu cha Dedza. Tauni yathuyi ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, ndipo mukatulutsa reflector m'nyumba yofunda mu Juni, kalilole amakhala akutulutsa kutentha m'chubumo. Nyenyezi imangowira ngati phala, mpaka mudikire theka la ola. Komanso makalilole ake amasuntha, makamaka mukaikweza pa kabaza, ndiye muyenera kudziwa kuwawongola. Mukapanda kutero Alpha Centauri imamera mchira, ndipo mnzakeyo amabisala mumchiramo. Palinso mizere inayi yowala yochokera pa tizitsulo togwira kalilole kakang'ono. Kwa ine imangosokoneza.

Refractor ilibe zonsezi. Mwaimika, mwaloza, basi. Ngati chubu chake ndi cha 700mm, kagalasi koyang'anirapo ka 10mm kamakuza maulendo 70, ndipo mumaona timadontho tiwiri toyera bwino, kena kachikasu pang'ono, kena kocheperako kopita kofiirira, pakati pali kamdima. Ma refractor otchipa amaika kamtundu kapepo m'mphepete mwa nyenyezi yowala, koma sikalepheretsa kanthu.

Chimene chimapweteketsa ambiri ndi miyendo. Telesikopu zimene pabokosi analemba kuti 525x, kutanthauza kukuza maulendo 525, zimabwera ndi miyendo yopyapyala yonjenjemera ndi kamphepo kalikonse kotsika m'phiri, ndipo nambala imeneyo ndi yokopera ogula: 70mm ikapitirira kukuza maulendo 140 imangokuza chimbuuzi. Mangirirani chigubu cha madzi pakati pa miyendoyo, chimathandiza.

Kwa amene akufuna nyenyezi zapawiri, ine ndikuti refractor. Reflector itengeni ngati mtima uli pa zinthu zosawala ngati Omega Centauri, mulu waukulu wa nyenyezi zothithikana, chifukwa imatolera kuwala kopitirira kawiri, ndipo ngati kuwongola makalilole sikukuopsani.

Iliyonse mungagule, iyeseni pa Acrux, nyenyezi yapawiri ya kutsinde kwa Mtanda. Mpata wake ndi pafupifupi ma arcsecond 4 ndipo ziwirizo n'zoyera mopita kubuluu. Dikirani ikwere pamwamba, musaloze modutsa padenga la malata limene latentha tsiku lonse, ndipo usiku umene nyenyezi zikuphethira kwambiri musaimbe mlandu telesikopu. Ndi mpweya.