Smoky quartz wachilengedwe kapena wodetsedwa ku fakitale: mugule uti?

Smoky quartz ndi mwala wokongoletsera wonga galasi, wa mtundu wa utsi. Yonse iwiri ndi miyala yeniyeni ya quartz. Mtundu wa utsi uja umabwera pamene cheza champhamvu chosaoneka chotchedwa gamma chafika pa tizidutswa ta aluminiyamu tokhala mkati mwa mwalawo. Wachilengedwe amada pang'onopang'ono pansi pa nthaka, nthawi zambiri m'matanthwe a granite, monga ku mapiri a Alps ku Switzerland ndi a Cairngorm ku Scotland. Winayo amakumbidwa ali mbee, kenako amadetsedwa ndi cheza cha gamma chochokera ku chitsulo chotchedwa cobalt-60. Musaope kumuvala, chezacho sichitsalira m'mwalamo.

Kulimba ndi chimodzimodzi: 7 pa sikelo ya Mohs yoyezera kulimba kwa miyala. Onse amakanda galasi.

Mtengo: wodetsedwa ndi wotchipa. Wachilengedwe amakwera, makamaka ngati komwe anakumbidwa kukudziwika.

Kusiyana kwenikweni kuli pa maonekedwe. Mukwezeni mwalawo pa kuwala. Wachilengedwe amakhala wofiirira, kuwala kumadutsa, ndipo mtundu umazama pena, n'kupepuka pena. Wodetsedwa kawirikawiri amakhala bii ngati makala kunsonga, koma kutsinde kwake kuli koyera. Chizindikirochi chimathandiza pa mwala wosasema. Ukasemedwa, diso lokha silikwanira, choncho funsani wogulitsa.

Onse amadana ndi kutentha. Pa madigiri 200 mpaka 300 a Celsius mtundu umasuluka, ndiye mmisiri achotse kaye mwala asanawotcherere mphete.

Wofuna ndolo kapena mkanda wovala tsiku lililonse agule wodetsedwa. Wosonkhanitsa miyala asankhe wachilengedwe, wokhala ndi kapepala konena komwe anachokera.