FreeBMD yandithandiza kusaka kwawo kwa agogo

Abale, amene muli ndi magazi achizungu ngati ine tamverani. Agogo anga ankangoti bambo awo anali mzungu wa boma la atsamunda kuno ku Zomba, kwawo kumudzi ku Norfolk, ku England, nkhani nkuthera pompo. Ndinayambira ku National Archives, kosungirako zikalata zakale za boma, anandilandira bwino koma paja zikalata zambiri zakale zinapsa ndi moto wa 1919 ku Secretariat, likulu la maofesi a boma la atsamunda, ndiye ndinangotolako dzina basi.

Mphwanga ndi amene anandionetsa webusaiti ya FreeBMD. Ndi yaulere, bola bandulo, ndipo muli mayina a obadwa, okwatirana ndi omwalira ku England ndi Wales kuyambira 1837. Maonekedwe ake ndi achikale heavy koma pa kafoni kanga kosweka galasi kaja imatseguka msangamsanga. Kungoti imangokupatsa zinthu zochepa ngati dzina, dera ndi chigawo cha miyezi itatu, satifiketi yeniyeni mumaitanitsa ku GRO, ofesi ya boma yosunga kaundula wa ku England ndi Wales, ndipo imeneyo nde ya ndalama. Ine ndinapeza anthu anayi a dzina limodzi, awiri dera limodzinso, mpaka nsima inandizizirira ndili pakhonde kuwerengetsa zaka. Za kumbuyo kwa 1837 yesani webusaiti ina ya FreeREG, muli mabuku a ubatizo a m'matchalitchi akumidzi.