Injini ya petulo ya Land Rover Series III patatha miyezi khumi m'misewu ya ku Thyolo

Galimoto yake ndi Land Rover Series III ya 1978, injini ya petulo ya masilinda anayi, 2286 cc, ija amakanika amangoti 2.25. Inakonzedwa mu Okutobala chaka chatha: hedi inatsitsidwa, mavalavu anakwechedwa kuti azitseka bwino, gasiketi inaikidwa yatsopano, ndipo mapointi, tizitsulo totsegula ndi kutseka magetsi, anachotsedwa m'distributor, chogawira moto ku mapulagi, n'kuikamo kachipangizo ka electronic ignition. Kuchokera pamenepo yayenda makilomita pafupifupi 9,000 pakati pa Bvumbwe, Thyolo boma, Makwasa ndi Luchenza, nthawi zina mpaka ku Muloza. Yaona kutentha kwa Novembala, matope a dzinja ndiponso chiperoni cha Juni ndi Julayi, ndiye tsopano pali zokwanira zoti tinene.

Injini yeniyeniyo, kunena mapisitoni, maring'i ndi mabering'i, sinavutepo. Zonse zimene zinaimitsa galimotoyi panjira zinachokera ku moto wa mapulagi ndi ku mafuta, ndipo kawiri konse kabuleta inanamiziridwa mlandu wosapalamula.

Tiyambe ndi moto. Kachipangizo ka electronic kagwira bwino ntchito, ndipo n'koyenera ndalama zake. Chifukwa chake n'chakuti shafiti ya distributor ya zaka zoposa 40 imakhala itayamba kugwedera. Mukatchera mapointi pa 0.35 mpaka 0.40 mm monga zimafunikira pa distributor ya Lucas, mpatawo sukhala wofanana pa masilinda onse, ndipo pakapita milungu ingapo kachidendene ka pointi kamadyeka, timing, nthawi imene moto umathetheka pa pulagi, n'kusuntha. Kachipangizoka kamamva maginito, sikakhudza kanthu, choncho timing imene inatcheredwa pa madigiri 6 pisitoni isanafike pamwamba inapezeka ili pomwepo itayezedwanso ndi nyali yoyezera timing mu Ogasiti. Koma kali ndi malamulo ake. Musanakamange, yezani ma-ohm a koyilo yanu muone ngati akugwirizana ndi zolembedwa papepala lake, chifukwa koyilo yolakwika imakawotcha. Musasiye kiyi wotsegula injini ili yozima. Ndipo mapointi akale ndi kondensa yake muzikulunge m'pulasitiki n'kuziika m'galimoto momwemo. Kachipangizoka kakafa kamafa kamodzin'kamodzi, ndipo ku Thekerani simukapeza kena.

Vuto lenileni linabwera ndi chiperoni. M'mawa wa nkhungu injini inkazungulira bwinobwino koma osalira, ikalira inkatsokomola mpaka itatentha. Ambiri zikatere amathamangira sikuluu ya kabuleta, kapena amakoka choki mpaka mapulagi kunyowa. Chinapezeka n'chakuti kapu ya distributor inali ndi kamzere kakuda mkati, kowonda ngati tsitsi, kochokera pa chitsulo chapakati kupita pa cha silinda yachitatu. Kukauma moto umadutsa njira yake, koma kukangonyowa umatsata kamzereko. Njira yosavuta yoonera ndi kuliza injini usiku pamdima mutatsegula boneti: mukaona timoto tabuluu tikuthetheka pa mawaya a mapulagi kapena pa khosi la koyilo, mawayawo atha. Kapu, rotor ndi mawaya asanu onse zinasinthidwa tsiku limodzi, mapulagi anatcheredwa pa 0.75 mpaka 0.80 mm, ndipo kuyambira pamenepo imalira kamodzi ngakhale m'mawa woti tiyi wa tsidya lina la msewu sakuoneka. Pobwezera mawaya kumbukirani ndondomeko yake, 1-3-4-2, ndipo muzisintha limodzilimodzi.

Mukadali pomwepo, chotsani rotor n'kudontheza oyilo madontho awiri pakati pa shafiti kuti zitsulo za advance, zimene zimafulumizitsa moto injini ikathamanga, zisagwirane ndi dzimbiri. Kenako yamwani paipi ya vacuum ndi pakamwa. Mbale ya mkati mwa distributor iyenera kusuntha n'kukhala pomwepo mukatseka paipiyo ndi lilime. Ikabwerera yokha, diaphragm, kachikopa ka labala kamene kamakoka mbaleyo, yabooka, ndipo galimoto izimwa mafuta ambiri popanda chifukwa chooneka.

Nkhani yachiwiri ndi petulo wathu. Kuno ku Malawi petulo amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe kuyambira 1982, ndipo ethanol amakoka chinyezi ndiponso amadya labala wa mtundu wakale. M'mwezi wa Febuluwale galimotoyi inayamba kufooka pokwera zitunda za ku Makwasa, kenako n'kuzima, ikapuma mphindi zochepa n'kuliranso. Pansi pa pampu ya mafuta pali kambale kagalasi. Kataunikiridwa, pansi pake panali madzi osanjikizana ndi petulo, ndi dzimbiri losalala ngati gaga. Madziwo amachokera m'thanki yogona ndi mafuta ochepa usiku wozizira. Thanki inatsitsidwa n'kutsukidwa, mapaipi onse a labala anasinthidwa ndi olimba ku ethanol, ndipo kafyuluta koonekera mkati kanaikidwa pakati pa pampu ndi kabuleta. Kambale kagalasiko muzikayang'ana Loweruka lililonse m'dzinja. Pokabwezera onetsetsani kuti gasiketi yake yakhala bwino, chifukwa ikalowetsa mpweya pampu imakoka mphepo m'malo mwa mafuta. Nunkhizaninso dipstick, kachitsulo koyezera oyilo: oyilo akamamveka petulo ndiponso akuchuluka yekha, diaphragm ya pampu yang'ambika ndipo mafuta akutsikira m'sampu. Imeneyo si yodikira mawa.

Kabuleta yake ndi Zenith 36IV. Inatsegulidwa kamodzi kokha, ndipo chimene chinasinthidwa ndi O-ring ya pakati, kamkombero ka labala kotseka mpata, ndi gasiketi. O-ring imeneyi ikauma, petulo amadontha mkati, utsi umada, ndipo sikuluu yotcherera mafuta imasiya kumvera ngakhale muimange mpaka kumapeto. Pomanga masikuluu a pamwamba musalimbitse ngati mabawuti a tayala, chitsulo chake n'chofewa ndipo chimapindika. Chikapindika, chikwecheni pang'onopang'ono pa sandipepa wosalala woyala pa galasi mpaka nkhope yonse ifanane.

Ma-tappet, zitsulo zokankha mavalavu kuti atseguke, ndiwo amauza mwini galimoto zoona za hedi. Mpata wake ndi 0.25 mm pa mavalavu onse asanu ndi atatu. Kuti musasokoneze, werengani kuchokera kutsogolo ndipo manambala awiri aziphatikizana kukwana 9: valavu 8 ikatseguka kotheratu tcherani 1, 6 ikatseguka tcherani 3, choncho mpaka onse. Feeler gauge, kachitsulo kopyapyala koyezera mpata, izilowa mokoka pang'ono, osati mokakamiza. Galimotoyi itayenda makilomita 800 oyamba, mabawuti a hedi analimbitsidwanso pa 65 lb ft, poyeza ndi sipanala yoyezera kulimba, kuyambira apakati kupita kunja, ndipo ma-tappet anatcheredwanso chifukwa amasuntha hedi ikakhazikika. Chofunika kwambiri ndi kulemba manambala nthawi iliyonse. Injini za nthawi imeneyo zinapangidwa petulo akadali ndi mtovu, umene unkateteza mipando ya mavalavu a ekizozi. Petulo wa lero alibe. Mukaona mpata wa mavalavu a ekizozi ukuchepa ulendo uliwonse, ndiye kuti valavu ikumira mu hedi, ndipo mapeto ake ndi kupsa. Pa iyi mpata unachepa pang'ono kwambiri pa mavalavu awiri pa miyezi khumi, zosadetsa nkhawa, chifukwa siithamangitsidwa mtunda wautali pa phula. Koma tsiku limene hedi idzatsikenso, mipando yolimba idzaikidwe. Tappet yolira pang'ono ndi yabwino kuposa yachete.

Za kuwira. Thermostat musachotse, ngakhale ambiri amatero poganiza kuti akuthandiza injini. M'nyengo yozizira ya kuno injini yopanda thermostat sitentha mokwanira, nthunzi imasonkhana m'kati, ndipo pansi pa chotsekera cha oyilo mumapeza zoyera ngati chambiko. Muvi woonetsa kutentha unakwera kamodzi kokha, mu Novembala, ndipo choyambitsa chinali njere za udzu ndi matope ofiira zomatirira pa rediyeta. Muzitsuka ndi madzi kuchokera mbali ya injini kupita kutsogolo. Lamba wa fani asalobe kupitirira sentimita imodzi mukamudina ndi chala. Madzi a mumtsinje okhaokha amadyetsa ma-core plug, tizitsulo totseka mabowo a njira za madzi m'injini, ndi dzimbiri, ndiye coolant ndi wofunika ngakhale kuno madzi saundana ndi kuzizira m'rediyeta.

Oyilo ndi 20W50, malita pafupifupi 7 pamodzi ndi fyuluta, ndipo pa fumbi la m'minda ya tiyi makilomita 5,000 ndi okwanira. Fyuluta ya mpweya ndi ya mtundu wa oyilo m'mbale. Tayani matope apansi, tsukani waya wake ndi palafini, umitsani, thirani oyilo mpaka pamzere osapitirira. Pamwezi wa fumbi matope amenewo amafika msinkhu wa chala.

Chimene sichinathe ndi kudontha kwa oyilo kumbuyo kwa injini, pa kabowo ka pansi pa flywheel. N'kochepa, madontho angapo usiku wonse, ndipo kusintha seal yake kumafuna kulekanitsa injini ndi giyabokosi, choncho ntchitoyo ikudikira tsiku losintha kilatchi. Kabowo kameneka kali ndi pulagi yake yotsekera powoloka madzi akuya. Mukawoloka, ichotseni tsiku lomwelo. Mukaiwala, oyilo wodonthayo amasonkhana m'kati n'kunyowetsa kilatchi, galimoto n'kuyamba kunjenjemera ponyamuka. Pa mafuta, ikuyenda makilomita pafupifupi 6 pa lita imodzi m'misewu ya dothi, ndipo makilomitawo amaonjezeka pang'ono pa phula la Thyolo kupita ku Limbe ngati simupitirira liwiro la makilomita 70 pa ola.