Ulendo wojambula mbalame ku Monavale: abwana anatinamiza, mnyamata wawo ndiye anatipulumutsa

Ndikupereka nyenyezi zitatu, ndipo zonsezo ndi za mnyamata wotiperekeza uja. Abwana ake sindikuwapatsa ngakhale imodzi.

Madola 35 aja pa munthu ndinalipiriratu pa foni kudzera pa EcoCash, kuphatikizapo kubwereka lenzi yaitali. Pa WhatsApp anatitumizira zithunzi za mpheta zofiira ngati moto, ndi zina zakuda zamapewa achikasu, nkunena kuti Seputembala ndiye nthawi yake. Ndinawafunsa mwachindunji kuti, "Abwana, kodi mvula isanagwe mbalame zimenezi tikaziona?" Anati ndisade nkhawa. Tinafika ku Monavale Vlei, dambo la mumzinda wa Harare ku Zimbabwe, mbandakucha, ine ndi mlamu wanga wa ku Mufakose, nkupeza dambo louma gwa, mbali yaikulu ili lupsa lokhalokha. Aliyense wokulira kumudzi amadziwa kuti dambo la m'chilimwe silikhala ngati la m'dzinja. Abwanawo ankadziwa bwino lomwe kuti mpheta zamphongo zimavala mitundu ija pokhapokha mvula ikayamba, nthawi yoswana. Seputembala zimakhala zotuwa ngati zazikazi, osazisiyanitsa n'komwe. Mbalame zimene anthu amachokera kutali kudzazifuna kuno, striped crake ndi streaky-breasted flufftail, zimabwera udzu ukamira m'madzi, cha m'ma Disembala mpaka Malichi. Munthu wogulitsa ulendo wotere sangati sadziwa zimenezi. Anangofuna ndalama basi. Nditawaimbira ndili pompo sanayankhe, ndipo mpaka lero uthenga wanga anauwerenga koma ali chete.

Lenziyo inali ndi nkhungu m'kati. Galimoto inachedwa.

Tsono mnyamatayo. Ataona nkhope zathu sanayese kutibisira. Anati, "Bambo, pepani, zimene munalonjezedwa lero kulibe. Koma nditsateni pang'onopang'ono, musalankhule." Agogo ake anachokera ku Dedza, ndiye Chichewa chake chosakanikirana ndi Chishona chinatiseketsa nkutifewetsa mtima. Anatitsogolera kumene moto sunafike, m'mbali mwa mtsinje wa Marimba, akuyang'ana pansi kuposa kumwamba. Anatisonyeza timibulu ta ubweya ndi mafupa a mbewa timene kadzidzi amalavula, nkutiuza kuti tikonzeretu makamera. Sitinayende mapazi ambiri, kadzidzi wa m'dambo anabuka m'udzu pafupi ndi miyendo yanga. Sanathawire kutali ayi. Anazungulira pamwamba pathu, akutembenuza mutu kutiyang'ana ndi maso ake akuda bii, kenako nkukatera pachulu. Ine ndinakula ndikumva kuti kadzidzi ndi wa afiti, koma m'mawa umenewo manja ankanjenjemera ndi chimwemwe. Mnyamatayo anandigwira chigongono kuti kamera isagwedezeke, nkundiuza kuti ndidikire dzuwa limuwombe kumaso. Chithunzi chimenecho, ngakhale lenzi inali yodwala, ndi chabwino kuposa zonse zimene ndajambulapo. Pambuyo pake tinaonanso nantchengwa, nkhwali ndi kabawi.

Ndi iyenso anatifotokozera kuti dambo limeneli linalowa m'ndandanda wa Ramsar, wa madambo ofunika padziko lonse, mu 2013, pamodzi ndi Cleveland Dam ndi Lake Chivero, komanso kuti madzi amene limasunga amatsika ndi Marimba kukathira mu Chivero, momwe Harare amamwa. Zinandipweteka kuona chimanga chakale ndi zinyalala zomangira m'mphepete mwake, ife tomwe tikudandaula kuti m'mipopi mulibe madzi.

Ndiye sindinganene kuti ndalama yonse inapita m'madzi. Malowo alibe mlandu, mnyamatayonso alibe mlandu. Koma abale anga, musalipiriretu kwa bambo ameneyu, ndipo lenzi muiyang'anitse padzuwa musanailandire. Ngati mukufuna mpheta zofiira zija dikirani Januwale, mutenge jombo chifukwa matope ake amafika m'mawondo. Ine ndidzapitanso nthawi imeneyo, ndipo ndalama ndidzampatsa mnyamatayo pamanja.