Malupanga atatu omwe ndawayesa pa nthochi ndi nsungwi

Chiikireni chithunzi cha sewero lathu pa Facebook, foni yanga sikupuma. Funso ndi lomwelomwelo: "Aphunzitsi, malupanga aja munawagula kuti? Ndi akuthwadi?" Ena ndi anzanga a magulu a zisudzo ku Thyolo, ena akungofuna chokoleka pakhoma la pabalaza, ndipo wina anachita kuimitsa kabaza amene ndinakwera pa Chitakale kuti andifunse. Ndatopa kuyankha mmodzimmodzi, ndiye ndilembe kamodzi, wofunsa ndizingomutumizira.

Zinayamba ndi sewero la asilikali a King's African Rifles, gulu lija linakhazikitsidwa mu 1902 limene agogo athu ambiri analowa. Ndinkafuna kuti mkulu wa asilikali azioneka ngati mkuludi, tisiye thabwa lopaka penti ya siliva lomwe tinkagwiritsa ntchito chaka ndi chaka. Kenako chinasanduka chilakolako changa ndekha, ndipo pano ndagwirapo malupanga atatu. Onse ndi ongotengera akale. Kampani ya Wilkinson Sword, yomwe inkasulira akuluakulu a nkhondo a ku Britain, inasiya kupanga malupanga mu 2005, ndipo enieni akalewo mtengo wake si wa malipiro a mphunzitsi.

Ndiyambe ndi lomwe linandipweteka mtima.

Mphwanga analipeza m'sitolo ina ya mphatso ku Johannesburg. Linali lotengera lupanga la akuluakulu a asilikali oyenda pansi la mu 1897: lowongoka, lotalika kupitirira pang'ono masentimita 80, chotchinga dzanja chake chokhala ndi maluwamaluwa obowola. Pa chithunzi linkanyezimira ngati galasi. Pafupi ndi chogwirira panalembedwa kuti "440 Stainless", ndipo ine ndinati basi, chitsulo chake ndi chomwechija cha mipeni yabwino ya kukhitchini. Mtengo wa m'sitolo sunali woopsa. Choopsa chinabwera m'njira. Wonyamula katundu anati chinthu chachitali chotere sichilowa m'chikwama, chili ndi mtengo wakewake. Atafika pachipata anaimbanso kuti pakufunika ina yowonjezera, apo ayi katunduyo atsala. Pomwe linkafika m'manja mwanga pa Limbe, ndalama yonse inali itakwana matumba awiri a feteleza. Mayi a kunyumba anangoliyang'ana n'kufunsa kuti, "Ndiye limeneli tithira m'munda uti?"

Loweruka lina ndinapita nalo kuseri kwa nyumba komwe kuli nthochi. Aliyense wa kuno akudziwa kuti thunthu la nthochi ndi madzi okhaokha, mwana amaligwetsa ndi chikwanje chobuntha. Nditatema koyamba linalowa pang'ono, koma ndinamva kanthu kakuti gwedegwede m'dzanja. Ndinayesa kuti ndi chotchinga dzanja chamasuka. Kachiwiri chimodzimodzi. Kachitatu ndinangoona chogwirira chatsala m'manja, chitsulo chonse chauluka mozungulira n'kukazikika pansi pafupi ndi khola la nkhuku. Pamalo pomwepo mwana wa mlongo wanga anali atangochokapo kumene, amasewera ndi tiana ta nkhuku. Ndinakhala pansi kaye. Miyendo inkanjenjemera, ndipo mpaka lero ndikaganiza za mphindi imeneyo chakudya sichilowa bwino.

Madzulo ndinamasula chogwirira chija kuti ndione. Inu mukudziwa msuka wa khasu, momwe umakhalira chitsulo chimodzi ndi khasulo, wochindikala, wolowa mu mpini mwamphamvu. Lupanga langa linalibe msuka wotero. Chitsulo chenicheni chinathera pakhomo pa chogwirira, ndipo apo anangowotchererapo kandodo kowonda ngati pensulo, kokhala ndi mazinga kumapeto komangira nati. Panathyoka ndi pa chowotchereracho. Zonsezi zinabisika mkati mwa pulasitiki wokulungidwa ndi waya wonyezimira, moti pa chithunzi simungazione, ngakhale mutaligwira m'sitolo simungadziwe pokhapokha mutamasula.

Za chitsulo chakecho ndinaziphunzira mochedwa. Chitsulo chosachita dzimbiri chimakhala ndi chromium wambiri, osachepera magawo 10.5 pa 100 alionse, ndipo Harry Brearley wa ku Sheffield ndi amene anachitchukitsa mu 1913. Pa mpeni waufupi ndi chabwino kwambiri. Chikatalika ngati lupanga chimavuta: mukachiumitsa kuti chizisunga kuthwa chimasanduka chosachedwa kuthyoka, mukachisiya chofewa chimabuntha msanga. Langa linali lofewa. Ndinayesa kulinola chidutswa chotsalacho, kuthwa kwake kunatha nditangosenda nzimbe imodzi. Ndivomereze kuti mbali ina ndinalakwa ndine, chifukwa lupanga la mu 1897 analipanga kuti lizibaya, silinali lotemera. Koma lenileni silikanasiya chogwirira m'manja mwa munthu chifukwa cha nthochi.

Lachiwiri ndinaitanitsa pa intaneti, lopangidwa ku India, komwe kumachokera malupanga ambiri otengera a nkhondo zakale. Ili ndi lokhota, lotengera la asilikali a pa akavalo la mu 1796 lomwe anakonza John Le Marchant. Limenelo ndiye linali lotemeradi, mpaka asilikali a ku Prussia analitengera mu 1811. Wogulitsa analemba kuti chitsulo chake ndi 1065. Manambala awa asakuopseni. Awiri omalizawo akunena kuchuluka kwa carbon: 1045 ndi pafupifupi 0.45 pa 100, 1065 ndi 0.65, 1095 ndi 0.95. Carbon akachuluka chitsulo chimatha kuuma kwambiri. Ndati chimatha, chifukwa kuuma kwenikweniko kumadalira momwe achiwotchera ndi kuchiziziritsa, ndipo zimenezo wogulitsa salemba.

Linafika lobuntha ngati msana wa supuni. Nditabwerera pomwe ndinagulapo ndinapeza timalemba ting'onoting'ono takuti kunola ndi ndalama yapadera. Ndinatenga tupa ndi mwala wonolera, madzulo awiri athunthu ndili pakhonde. Tupayo ndi amene anandiuza zoona. Tupa wabwino ndi wouma kupitirira 60 pa muyeso wa Rockwell woyezera kuuma kwa chitsulo, pomwe lupanga labwino limakhala cha m'ma 50 mpaka 55, choncho tupa amayenera kuluma movutikira. Pa langali ankadya ngati akupala sopo, makamaka chakunsonga.

Pa nthochi linachita bwino, thunthu kugwa ndi kutema kumodzi. Pa nsungwi yaiwisi yonenepa ngati mkono wa mwana, nditatema kakhumi, kukamwa kwake kunali kutapindika, moti ukayendetsa chikhadabo umamva kakhwawa. Silinabenthuke, ndipo apo ndiliyamikire, popeza chopindika umachiwongola ndi mwala koma chobenthuka umachita kudya chitsulo chambiri. Nditaphonya kamodzi n'kumenya chammbali, linakhota pang'ono n'kukhala chikhotere. Ndinaliwongola pabondo. Msuka wake ndi wabwino, wotuluka mpaka kumapeto kwa chogwirira n'kukhomereredwa. Kulemera kwake kuli kutsogolo kwambiri: akale anali ochindikala kumsuka n'kumapyapyala kulowera kunsonga, pomwe ili lili ngati analidula pa chitsulo cha makulidwe amodzi. Ukalizunguza kasanu, dzanja limayamba kudandaula.

Chinanso chomwe sindinkayembekeza ndi chimake. Ndi chachitsulo, chokongola, koma ukasolola ndi kubwezera kangapo kuthwa kumachepa popanda kutema kanthu. Vutoli ndi lakale. Kapitawo Louis Nolan wa ku Britain, yemwe anafera pa nkhondo ya ku Balaclava mu 1854, anadabwa ali ku India kuwerenga za mabala oopsa amene asilikali a pa akavalo a kumeneko ankasiya, ndipo atafufuza anapeza kuti ankagwiritsa ntchito malupanga akale a Angerezi omwewo, atawaika zogwirira zina, atawanola bwino n'kumawasunga m'zimake zamatabwa.

Dzimbiri ndiye musanene. Chiperoni chikagwa masiku atatu, phiri losaoneka, zovala zosauma, lupanga la carbon limatuluka mawanga ofiira ngakhale lili m'nyumba. Pomwe mwagwira ndi chala pamatsala chidindo. Ndimapaka oyilo wa makina osokera. Mafuta ophikira ndinayesa, amamata n'kuyamba kununkha.

Lachitatu ndi lomwe anthu amaseka akaliona, ndipo ndi lomwe ndimalikonda. Sindibisa, pano ndili ndi mbali.

Pali madala ena osula zitsulo cha ku Luchenza, omwe bambo anga ankagulako nkhwangwa ndi zikwanje. Amasulanso mipeni yokhota yodulira tiyi. Ndinawatengera la ku India lija n'kunena kuti, "Madala, mungandipangire longa ili?" Analitembenuza, analigogoda ndi chikhadabo pafupi ndi khutu, n'kuti, "Aphunzitsi, mukufuna lokongola kapena lodya?" Ndinati lodya. Anatulutsa sipuling'i ya galimoto pansi pa benchi. Masipuling'i ambiri otere amakhala a chitsulo cha mtundu wa 5160, carbon pafupifupi 0.6 ndi chromium wosakwana gawo limodzi pa 100, chopangidwira kupindika ndi kubwerera kambirimbiri. Madalawo nambala imeneyi saidziwa ndipo alibe nayo ntchito.

Tsiku loumitsa ndinakhalapo. Anakumba kangalande kakatali n'kudzazamo makala, mdzukulu wawo akupukusa chopemerera cha gudumu la njinga. Anadikira kuti dzuwa lipendeke, akuti masana maso amanama pa mtundu wa moto. M'manja anali ndi maginito a sipika yakale omangidwa ku waya. Chitsulo chikafiira ankachikhudzitsa maginitowo, ndipo pomwe anasiya kukakamira anawerenga pang'ono chamumtima n'kuchiviika chonse mu oyilo wakale wa injini amene anali m'paipi yoimika. Moto unalilima, utsi kuti tolo. Ine wa sayansi ya m'kalasi ndinadziwa kuti chitsulo chimasiya kukoka maginito cha pa madigiri 770, koma sindinayankhule. Atachipukuta mpaka kuyera, anachiyendetsa pamwamba pa makala ofatsa, maso ali pa mitundu: poyamba ngati udzu wouma, kenako kofiirira, kenako kobiriwira ngati khosi la nkhunda. Apo anachichotsa. "Mukachisiya chouma chomwecho ndi botolo," anatero, "chigwa pansi n'kusweka."

Koma loyamba lomwe madalawo anandisulira linasweka ndithu. Linalira kuti the lili mu oyilo, ndipo titalitulutsa panali mng'alu pakati. Sipuling'i yomwe yayenda zaka zambiri m'misewu ya kuno imatha kukhala ndi ming'alu yosaoneka, ndipo ichi ndi chiopsezo chenicheni cha njira imeneyi. Madalawo sanandilipiritse. Anangoti ndibwere sabata yamawa.

Lachiwiri lawolo ndi lomwe ndili nalo. Tupa amaluma monyinyirika kuyambira kumsuka mpaka kunsonga, mofanana. Nsungwi yomweija ndinatema kawiri kuchuluka kwa momwe ndinatemera ndi la ku India, ndipo pambuyo pake linadulabe pepala la m'kope. Ndinayesa ndi nthambi youma ya bulugamu, panangotsala kachizindikiro kamene kanachoka ndi mwala. Ndikaponda nsonga n'kulipinda, limabwerera lokha. Msuka wake ndi wotambalala ngati chogwirira chomwe, matabwa a mlombwa uku ndi uku, misomali itatu yokhomerera. Palibe chobisika.

Kukongola ndiye ayi. Likuoneka ngati chikwanje chomwe chinapita kusukulu pang'ono. Chotchinga dzanja ndi chitsulo chafulati chongopinda, mabala a nyundo akuoneka, ndipo ndi lolemera kuposa onse. Munthu wodziwa malupanga a mu 1796 sanganamizike ngakhale ali patali. Dzimbiri limagwira mofanana ndi la ku India. Ndalama yake, pamodzi ndi chimake chathabwa chomwe anandipangira kalipentala wa pafupi ndi kwathu, sinafike ngakhale pa ija ndinapatsa wonyamula katundu yekha.

Tsono kwa inu ofunsa. Wofuna chofanana ndi cha m'mbiri, choti aziphunzitsira kapena kuvala pa sewero, atenge la ku India, alisiye lobuntha momwe labwereramo, ndipo afunsiretu za ndalama yonyamulira asanalipire. Wofuna chitsulo chosunga kuthwa apite kwa wosula amene anthu a m'mudzi amamugula nkhwangwa kawiri, akaonerere yekha tsiku loumitsa. Lonyezimira lolembedwa Stainless, ngati mwalikonda, likhomereni kukhoma ndi mawaya awiri kuti mlendo asalitsitse. Ndipo lililonse mwa awa musayende nalo pamsewu poyera kapena kulisiya pofikira ana. Ife pa sewero, pofika pomenyana, tinabwerera ku matabwa athu opaka penti.

Chidutswa cha la ku Johannesburg lija ndinapita nacho kwa madala aja kuti mwina angaliwotcherere. Anakana. Anadulako chibenthu chotalika ngati chikhatho ndi theka, anachiika mpini wa mlombwa wotsala, n'kundipatsa kuti ndikapereke kunyumba. Mayi amasendera chinangwa ndi mbatata, amaunola pa mwala wa pakhonde pafupifupi tsiku lililonse, ndipo umagona panja m'beseni nyengo yonse ya chiperoni osachita dzimbiri. Akamautchula amati "mpeni wa feteleza uja".