Memori khadi ya nyimbo za nsomba za ku Japan ya kashopu ka pafupi ndi depoti ku Salima

Pa nyimbo zonse zili m'khadimu, yogwira mtima ndi Soran Bushi. Ankaiimba asodzi a ku Hokkaido pokweza nsomba za nishin kuchoka mu ukonde kupita m'boti: mmodzi amatsogolera, enawo amavomera pa nthawi yokoka. Aliyense amene anaonapo anthu akukoka khoka ku Senga Bay aumva msanga mugudo wake, ngakhale osadziwa Chijapani. Mulinso Oyoge! Taiyaki-kun ya 1975, yomwe inagulidwa makope opitirira 4 miliyoni. Koma taiyakiyo si nsomba yeniyeni ayi, ndi keke youmbidwa ngati nsomba. Osakana Tengoku ndi yokopa ogula, amailiza m'masitolo a ku Japan pomwe pali nsomba; kwa ogulitsa chambo ndi usipa ingagwire ntchito.

Vuto lili pa kaikidwe. Maina a nyimbo anawasiya m'zilembo za Chijapani, ndiye pa mafoni a mabatani amangooneka timabokosi. Auzeni a pashopupo awalembe m'zilembo zathu musanalipire. Nyimbo zina ndi za mtundu wa fayilo wotchedwa M4A, ndipo masipika ambiri otchipa amazidumpha chifukwa amawerenga MP3 yokha. Khadi yake ikhale yofomatidwa mwa FAT32 (kakonzedwe ka khadi komwe masipikawa amawerenga), yosapitirira 32GB. Yokulirapo kawirikawiri imabwera ndi kakonzedwe kena, ka exFAT, sipika n'kungokhala duu.

Mphamvu ya mawu nayonso siyofanana, ina kunong'ona ina kuboola makutu. Tengani sipika yanu mukayesere pomwepo, nyimbo yoyamba, yapakati ndi yomaliza.